Tifunseni za Thupi: Dzuwa la ku Tete, thukuta ndi madzi akumwa

Makalata ambiri a mwezi uno akukamba za kutentha, ndipo m'pomveka poti Okutobala ndi Novembala kuno ku chigwa cha Zambezi si masewera. Tasankhapo anayi.

A Mlangizi, ine ndimasewera mpira mu timu ya kwathu kuno ku Ulongue, ndimamenya pakati. Mwezi wathawu tinatsikira ku Tete kukasewera gemu yaubale ndi anyamata a ku Matundo, nde zimene zinachitika sindikuzimvetsa mpaka pano, kwathu kuno ndimathamanga gemu yonse osamva kanthu koma kuja isanakwane hafu taimu miyendo inali italemera, mutu ukugunda, mnzathu wina katumba anakokana mpaka anachita kumunyamula. Anzanga akuti anatichita zamankhwala pa geti. Komanso ndinamva kuti anthu akumapiri amakhala ndi mpweya wambiri, nanga wathu unapita kuti? — Mnyamata wa ku Ulongue

Achimwene, palibe anakuchitani zamankhwala, chinakumalizani ndi dzuwa basi. Ndipo ndikufuna mumvetse bwino zimene zinachitika m'thupi mwanumo chifukwa nkhani imeneyi imatha kupha munthu.

Thupi la munthu limafuna kukhala pa madigiri 37 kapena pafupi pamenepo, kaya kunja kukuzizira kaya kukutentha. Tsono mukamathamanga minofu imawotcha chakudya kuti ipeze mphamvu, ndipo mphamvu yambiri, pafupifupi magawo atatu mwa anayi, siipita ku mwendo womenya mpirawo ayi, imangosanduka kutentha m'thupi momwemo. Kutentha kumeneko kuyenera kutuluka. Ku Angónia kwanuko, komwe kuli pamwamba mamita oposa 1,000, mphepo yozizira ija imakuchotserani kutenthako inu osadziwa n'komwe. Koma mzinda wa Tete uli pansi, sufika ngakhale mamita 200, ndipo miyezi ino masana kumadutsa madigiri 40, kutanthauza kuti mpweya wa kunja ukutentha kuposa khungu lanu, nde m'malo mokuziziritsani ukukuwonjezerani moto. Njira imodzi yokha yotsala ndi thukuta.

Thukutalonso siliziziritsa chifukwa choti latuluka, limaziziritsa likamauma pakhungu. N'chimodzimodzi mtsuko wadothi umene agogo amaika pakona, kunja kwake kumakhala konyowanyowa ndipo madzi akamauma kunjako a m'katiwo amazizira. Thukuta longoyenderera n'kudontha pansi kapena lodzaza mu jezi yokhuthala yosalowa mphepo ndi madzi ongotayika.

Ndiye vuto lenileni lili pa magazi. Munthu wamkulu ali ndi magazi okwana malita 5 kapena kuchepera pang'ono, ndipo pa gemu ngati imeneyo magazi omwewo akufunidwa mbali ziwiri, minofu ikufuna mpweya, khungu nalo likufuna magazi kuti atulutse kutentha. Pamwamba pa izo madzi a thukuta akuchokera m'magazi momwemo, ndipo munthu wothamanga padzuwa lotere amatha kutaya lita imodzi mpaka awiri pa ola limodzi. Magazi akachepa mtima umayamba kugunda mothamanga kuti ukwanitse ntchito yomweyo, n'chifukwa chake munamva miyendo kulemera ndi mutu kugunda. Munthu wa makilo 60 akangotaya kilo imodzi ndi pang'ono ya madzi, liwiro ndi nzeru za mpira zimayamba kutsika.

Anyamata a ku Matundo aja thupi lawo linazolowera. Kuzolowera kumeneku ndi chinthu chenicheni chimene chimachitika m'thupi, madzi a m'magazi amachuluka, thukuta limayamba kutuluka msanga komanso lambiri, mchere wotayika mu thukutamo umachepa, mtima sugunda mopupuluma. Zimatenga sabata imodzi mpaka ziwiri munthu akugwira ntchito kapena kuchita matreni m'malo otenthawo. Inu munakwera chapa m'mawa muli ndi juzi, masana muli m'bwalo, thupi silinapatsidwe mpata.

Za mpweya wa kumapiri munamva zoona koma theka. Othamanga a ku Kenya amakachita matreni ku Iten, pamwamba mamita pafupifupi 2,400, ndipo kumeneko mpweya ndi wopepuka moti thupi limapanga maselo ofiira ambiri m'magazi. Ulongue sanakwere kufika pamenepo, phindu lake ndi lochepa, ndipo ngakhale likanakhalapo silikanalimbana ndi madigiri 40.

Ulendo wina kambiranani ndi eni bwalo kuti gemu iyambe dzuwa litapendeka, ndipo pakhale kanthawi kopuma n'kumwa madzi pakati pa hafu iliyonse. Musachite nazo manyazi, ngakhale pa World Cup ya 2014 ku Brazil, gemu ya Netherlands ndi Mexico ku Fortaleza anaiimitsa kuti osewera amwe madzi, ndipo ya 2022 ku Qatar anachita kuisuntha kupita Novembala ndi Disembala pothawa kutentha. Yambani kumwa madzi dzulo lake, idyani bwino chakudya chokhala ndi mchere wake, ndipo masabata awiri musanatsike muzichitako matreni ena masana kwanuko, pang'onopang'ono. Katumba akakokana muwongoleni mwendo, kukankhira zala za phazi cha kumaso kwake n'kugwira choncho mpaka atamasuka, kukokanako nthawi zambiri kumabwera chifukwa minofu yatopa kupyola muyeso.

Koma ichi chokha musaiwale. Mnzanu akayamba kuyankhula zosamveka, kudzandira, kukwiya popanda chifukwa kapena kukomoka, thupi lili moto, kumeneko si kutopa ayi, kutentha kwafika ku ubongo. Mugonekeni pamthunzi, muvuleni jezi ndi masokosi, muthireni madzi ozizira thupi lonse osaleka uku ena akumukupiza uku wina akusaka galimoto, ndipo muzimuthirabe madzi m'njira yonse yopita kuchipatala. Munthu amene sakudziwa pamene ali musamumwetse kanthu, angatsamwe.

Zikomo a Mlangizi. Mwana wanga ali ndi miyezi inayi, tikukhala ku Moatize nyumba ya malata yopanda siling'i nde masana mumakhala ngati mu uvuni. Apongozi anga akuti ndizimupatsa madzi pa sipuni chifukwa akumva ludzu, ku sikelo anatiuza kuti bere lokha. Ndimvere ndani? — Mayi wa ku Moatize

Mayi, mverani a ku sikelo, ndipo apongozi anuwo muwafotokozere mwaulemu poti nawonso akufunira mdzukulu wawo zabwino. Mkaka wa m'mawere pafupifupi magawo 9 mwa 10 ndi madzi, ndipo ndi madzi aukhondo kuposa ena aliwonse amene mungatunge. Mwana wosakwana miyezi 6 kamimba kake n'kakang'ono, mukathiramo madzi amakhuta n'kuchepetsa kuyamwa, bere nalo likapanda kuyamwidwa limachepetsa mkaka, komanso madziwo akhoza kumubweretsera matenda otsekula m'mimba. Kukatentha muyamwitseni pafupipafupi, ngakhale atangoyamwa pang'ono n'kusiya. Madziwo muzimwa ndinu, ambiri.

Masana tulukani naye pamthunzi wa mtengo pamene pakupita mphepo, muchotseni chipewa chaubweya ndi mabulangete aja timakonda kukutira ana, mupukuteni ndi kansalu konyowa. Muziona matewera, ngati akunyowetsa kasanu ndi kamodzi kapena kuposa pa tsiku ndiye kuti akukhuta. Koma akachepetsa kukodza, liwombo likalowa, akafooka n'kumakana bere kapena thupi likatentha, thamangani naye kuchipatala tsiku lomwelo, kuno kwathu kutentha thupi kwa mwana timayamba taganiza malungo mpaka atayezedwa.

Ine geni yanga ndi ya makala, ndimakweza matumba pa njinga kuchokera kumudzi kukagulitsa ku tauni, ndimanyamuka kusanache kubwera madzulo. Madzi sindimwa kwambiri panjira chifukwa chigubu chimalemera komanso munthu ukamwa madzi ambiri umafooka. Nde masiku ano mkodzo ukutuluka wochepa, wofiirira ngati tiyi wopanda mkaka, msana ukupweteka cha m'munsimu. Madzulo ndimamwa ibuprofen awiri ndi kakachasu ka masau pang'ono kuti ndigone. Kodi ndi matenda opatsirana? Ine mkazi ndili naye mmodzi. — Bambo wa ku Zóbuè

Bambo, kalata yanu yandidetsa nkhawa kuposa onse a mwezi uno, ndipo ndikupemphani kuti sabata ino isathe musanapite kuchipatala kukayezetsa mkodzo. Zimene mwalembazi sizikuloza kwenikweni ku matenda opatsirana pogonana, zikuloza ku impso zimene zikugwira ntchito movutika.

Impso ziwiri zija zili kumsana cha m'munsi mwa nthiti, ntchito yake ndi kusefa magazi usana ndi usiku, pa tsiku zimasefa madzi okwana malita pafupifupi 180 koma ambiri zimawabwezera m'magazi, otuluka ngati mkodzo ndi lita imodzi ndi theka basi. Thupi likauma impso zimaumira madzi, n'chifukwa chake mkodzo ukuchepa n'kuda. Tsiku limodzi zotere sizivuta, koma tsiku ndi tsiku kwa miyezi impso zimavulala mwakachetechete, munthu osamva kanthu mpaka zitafika poipa. Tsono inu mukuwonjezerapo zinthu ziwiri. Ibuprofen, diclofenac ndi anzake amachepetsa magazi opita ku impso, munthu wa madzi okwanira m'thupi sizimuvuta kwenikweni koma wouma kale ngati inu ndi pangozi, komanso akaphatikizana ndi mowa amakanda chifu. Kachasu naye amatsekereza uthenga umene ubongo umatumiza ku impso kuti zisunge madzi, nde mumakodza madzi amene thupi limawafuna, n'kudzuka m'mawa muli wouma kale ulendo musanauyambe.

Zoti madzi amafooketsa ndimazimva kwa anthu ambiri ogwira ntchito zolemetsa ndipo sizoona. Chimene chimachitika n'choti munthu amapirira ludzu mpaka masana kenako n'kugugudiza chigubu chonse kamodzi, mimba n'kulemera. Imwani pang'onopang'ono, kapu imodzi pakangopita mphindi 20 pamene mukupalasa kapena kukankha njinga pachitunda, musadikire kuti kukhosi kuume. Chigubu cha malita awiri ndi makilo awiri okha poyerekeza ndi matumba mumanyamulawo, ndipo mutha kudzazanso pa mjigo panjira. Mukamatuluka thukuta tsiku lonse madzi okha sakwanira, pamafunikanso mchere, nde musadumphe chakudya, nsima ndi ndiwo zothira mchere, kansomba kouma ka chikowa, thobwa kapena madzi a malambe zonsezi zimathandiza. Tsiku limene mwauma kwambiri sungunulani paketi ya SRO ya kuchipatala ija, ya mchere ndi shuga wobwezeretsa madzi m'thupi, mu lita imodzi ya madzi aukhondo, ikasowa thirani masipuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la sipuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi, osapyoza muyeso wa mcherewo. Chizindikiro choti zikuyenda ndi mkodzo wotuwa, wachikasu pang'ono chabe.

Kuchipatalako mukawauze zonse, za mapilitsi ndi za kachasu zomwe, musabise. Akaonenso ngati mulibe magazi mu mkodzomo, poti ngati mumasamba kapena kuwoloka m'madambo ndi m'mitsinje likodzo nalo lilipo, ndipo limachizika ndi mapilitsi a praziquantel. Ndipo tsiku lina mkodzo ukadzada ngati Coca-Cola, minofu ikupweteka koopsa pambuyo pa ntchito yolemetsa, kapena mukadzaona mapazi ndi nkhope zikutupa, limenelo si la mawa, pitani nthawi yomweyo.

Chaka chilichonse ndikayamba kupanga mizere kumunda tsiku loyamba ndimakhala bhobho, koma mawa lake ndi mkuja thupi lonse kuphwanya, kulephera ngakhale kuwerama. Ena akuti ndi asidi amene amadzaza m'minofu, ena akuti ndi malungo akale amadzuka. — Mlimi wa ku Furancungo

Asidi amene anthu amanenayo alipodi, amapangika pamene minofu ikugwira ntchito mwamphamvu, koma amatha m'magazi pakangopita ola limodzi mutaweruka, sangadikire mpaka mkuja. Chimene mukumvacho ndi timabala ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso m'minofu imene yakhala miyezi osagwira khasu, thupi likamakonza timabalato pamatupa pang'ono, n'chifukwa chake ululu umafika pachimake pakapita tsiku limodzi mpaka atatu kenako n'kuzilala wokha. Minofu ikachira imakhala yolimba kuposa kale, nde mukaona sabata yachiwiri mumalima osamva kanthu.

Chaka chino yambani ndi mizere yochepa masiku atatu oyambawo, muziwonjezera pang'onopang'ono, ndipo tsiku limene thupi laphwanya musagone tsiku lonse, yendaniyendani kapena gwirani ntchito yopepuka. Malungo sadzuka chifukwa cha khasu, koma kuphwanyako kukabwera ndi kutentha thupi, kuzizidwa, mutu kapena kusanza, kayezetseni magazi, kuyeza kwake ndi kadontho kamodzi ka pachala ndipo zotsatira zimatuluka mphindi 20 zisanathe.