Pedulo ya mabuleki ikamira ngakhale mwachotsa mpweya, yang'anani master cylinder

Akulu, mwati Corolla yanu ya AE100 yakhala pabwalo ku Chelstone mu Lusaka zaka 3 osayenda, mwachotsa mpweya m'mabuleki a mawilo onse kawiri, koma pedulo ikupitabe pansi. Lekani kaye kupopa. Aliyense amathamangira kunena kuti ndi mpweya, koma pa galimoto yokhalitsa chonchi ine ndimayamba kukayikira master cylinder, silinda yaikulu yomwe imakankhira mafuta ku mawilo mukaponda pedulo.

Mafuta a mabuleki a DOT 3 ndi DOT 4 amayamwa chinyezi. Anuwo adutsa nyengo zitatu za mvula ali momwemo, ndiye madzi apanga dzimbiri m'kati mwa silinda, makamaka kumapeto kumene piston siifikako galimoto ikamayenda masiku onse. Tsono pochotsa mpweya, mnzanu wokuthandizani kupopa amaponda pedulo mpaka pansi, marabala a piston n'kukwechesa pa dzimbiri lija n'kung'ambika. Zikatero mafuta amangozungulira m'kati momwemo, panja osaona ngakhale dontho. Mutha kuthira mabotolo asanu, palibe chosintha.

Yesani izi injini ili yozima. Popani kangapo, kenaka pondani ndi kugwira. Pedulo ikalimba koma n'kumatsika pang'onopang'ono, pomwe mafuta sakuchepa m'kabotolo ka pamwamba pa master cylinder, ndi master cylinder imeneyo. Ikalimba n'kukhala pomwepo, koma mukaisiya pang'ono n'kubwereranso pansi, ndiye mpweya ulipodi kapena ma shoe akumbuyo, aja amagwira dramu ya wilo m'kati mukaponda mabuleki, atalikirana ndi dramuyo. Ambiri amaiwala ma shoe. Chotsani madramu, musendeze ma shoe mpaka azikhudza dramu pang'ono, ndipo muli pomwepo pindani karabala ka wheel cylinder, kasilinda kokankha ma shoe, muone. Mukapeza ponyowa, sinthani mbali zonse ziwiri.

Master cylinder ya salaula musagule, nayonso yakhala ikuchita dzimbiri kwinakwake. Yatsopano muichotse mpweya isanakwere pa galimoto: imangeni pa vayisi, timapaipi tibwerere m'kabotolo, muzikankha piston mpaka thovu litha. Mukadumpha pamenepa mudzavutika tsiku lonse.

Pochotsa mpweya m'mawilo, ikani kathabwa pansi pa pedulo kuti isafike kumapeto. Yambani ndi wilo lomwe lili kutali ndi master cylinder, mutsirize ndi lapafupi. Tsekani nipple, kabawuti kotulutsira mpweya, mnzanu asanakweze phazi, ndipo kabotolo kasaume ngakhale kamodzi. Nipple yosatulutsa kanthu nthawi zambiri imakhala yotsekeka ndi dzimbiri. Imasuleni yonse muibowole ndi kawaya. Thirani mafuta ofewetsa dzimbiri usiku wake, chifukwa ikathyokera mu caliper, chopanira mabuleki cha wilo lakutsogolo, ndi nkhani ina. Ngati wina anamasulapo ma caliper, onaninso kuti nipple ili pamwamba. Akasinthanitsa lakumanja ndi lakumanzere imakhala pansi, mpweya sutuluka ngakhale mupope mpaka mawa. Mapaipi a rabala nawo muwagwire wina akuponda. Lomwe likufufuma latha.

Mafuta akalewo atuluke onse, osangowonjezera. DOT 3 yatsopano imawira pa 205°C kapena kuposerapo, koma ikamwa madzi imatsika kufika cha pa 140°C, ndipo izi mudzazidziwira potsika mapiri a Munali Hills mabuleki atatentha. DOT 5 musaiyandikire, ndi ya silicone, siisakanikirana ndi enawo.

Mukamaliza, yesani pabwalo kapena mu kamsewu kopanda ana musanalowe mu Great East Road. Mutiuze zomwe pedulo yachita mutaigwira, tidzapitirira pamenepo.