Mpando wa ku China uja, muutembenuze kaye musanalipire

Achimwene, mwatumiza chithunzi n'kufunsa ngati mpando wofiira womwe mwauona m'sitolo ya katundu wakale ku Johannesburg ndi wa nthawi ya mafumu a Ming monga akunenera wogulitsayo, komanso chifukwa chake mipando yotere imadula chonchi. Ine ndine mmisiri wa matabwa, ndiye ndiyambira pa mitengo yomwe ankapangira mipandoyi.

Ufumu wa Ming unalamulira dziko la China kuyambira 1368 mpaka 1644, koma mipando yomwe anthu amalimbirana ndi ya kumapeto kwake. Mu 1567 mfumu inatsegula malonda a panyanja, mitengo yolimba ya kunja n'kuyamba kulowa yambiri, ndipo amisiri a mumzinda wa Suzhou anaichitira chilungamo. Mitengo yake yotchuka ndi iwiri. Huanghuali ndi wachikasu ngati uchi, wonunkhira, wa pa chilumba cha Hainan ku China komweko. Zitan ndi wofiira moderako, umachokera kum'mwera kwa India, ndipo ndi wolemera moti ukauponya m'madzi umamira. Yonse iwiri imakula mochedwa ndipo inadulidwa mpaka kusowa.

Za mtengo wogulira: mu 2015, mipando inayi ya huanghuali yomwe inali ya malemu Robert Ellsworth, wosonkhanitsa katundu wakale wa ku Asia, inagulitsidwa pa okishoni ya kampani ya Christie's ku New York pa madola pafupifupi 9.7 miliyoni. Inayi yokha. Ndiye wina akamakupatsani "Ming" pa ndalama yogulira firiji, dabwani.

Bwererani mukautembenuze mpandowo, chifukwa pansi ndi pomwe sipanama. Amisiri akalewo sankadalira misomali. Ankasema mano ndi ziboo kuti matabwa alumane okha, ndipo ine ndi zaka zanga zonsezi pa benchi, zina mwa mfundozo ndimangozipukusira mutu. Mukaona sikuluwu, guluu wothothoka kapena mizere yozungulira ya sowo ya magetsi, dziwani kuti ndi wa dzana. Mapazi a miyendo akhale odyeka mosafanana, ndipo poika manja pakhale posalala chifukwa chogwiridwa, osati kunyezimira kwa vanishi. Akale ankapaka phula. Komabe akathyali amadziwa kukalambitsa mpando ndi utsi ndi utoto, choncho maso anga pa chithunzi sangalowe m'malo mwa katswiri wougwira ndi manja.

Kufiira komwe ndikuona pa chithunzi chanucho kukundikumbutsa mukula. Inde, mukula womwewu, wachibale wa mlombwa, umene wadulidwa kwambiri ku Zambia ndi ku Congo n'kumapita ku China pa makontena. Kumeneko amaupala, kuudetsa, n'kumaugulitsa ngati zitan. Zinafika poipa moti mu 2019 Malawi ndi amene anapempha pa msonkhano wa CITES, mgwirizano wa mayiko woyang'anira malonda a nyama ndi zomera zomwe zili pangozi yotha, ku Geneva kuti malonda a mukula aziyang'aniridwa, ndipo zinavomerezedwa. Mwina mukufuna kugula mtengo wa kwathu konkuno wongobwerera utavala suti.

Ngati mwaukonda kuti muzikhalira, gulani pa mtengo wa mpando watsopano. Koma mundijambulire kaye pansi pake ndi polumikizira miyendo ya kumbuyo, muike pompano tione.