Funsani Dokotala: Anandichotsa ng'ala, koma medical aid yakana kulipira magalasi

Adokotala, ndine bambo wa zaka 58, ndimakhala ku Rosettenville ku Joni ndipo ndimagwira ntchito yowerengera katundu ku City Deep. Miyezi iwiri yapitayo anandichita opaleshoni ya ng'ala diso lakumanja, medical aid ya kuntchito inalipira zonse. Zakutali ndikuona bwino, koma manambala a papepala ndi pafoni sakuoneka. Patatha masabata awiri ndinakayezetsa magalasi n'kulipira ndekha, koma claim yanga yabwezedwa. Anzanga akuti opaleshoni inalephereka, ndipo ndikayamba kuvala magalasi maso atheratu, ndiye ndangowasunga m'kabati. Diso likamayabwa ndikudontheza mankhwala amene anatsala kwa alamu anga. Tsiku lachiwiri lokaonedwa sindinapite, kuntchito kunali kothina. Ndichite bwanji kuti ndalama zanga zibwere?

Bambo wa ku Rosettenville

Bambo, mwafunsa za ndalama, koma kalata yanu ndaiwerenga kawiri ndipo chimene chikukusowetsani tulo ndachiona. Mukuopa kuti diso likupita, ndipo likapita ntchito ipita nalo limodzi. Munthu wowerengera katundu amadya ndi maso, ndipo kumudzi alipo amene amadikira kutha kwa mwezi wanu. Ndiye tiyambe ndi diso.

Opaleshoni yanu sinalephereke. M'kati mwa diso, kuseri kwa kadontho kakuda kaja, muli kagalasi kachilengedwe. Ng'ala ndi kagalasi kameneko kakachita chifunga. Dokotala amakachotsa n'kuikamo kena kopanga, ndipo kamene anthu ambiri amaikidwa kali ndi mphamvu imodzi yokha, sikasintha. Kawirikawiri amasankha koonera kutali, kuti munthu aziwoloka msewu, aziona nambala ya basi, azizindikira nkhope ya mnzake ali patsidya. Zapafupi zimatsalira magalasi owerengera, nthawi zambiri a mphamvu ya +2.00 kapena +2.50. Zimene mwafotokozazi, kutali kowala koma foni yosaoneka, n'zimene ndimayembekezera kumva kwa munthu amene opaleshoni yake yayenda bwino.

Tsopano nkhani ya anzanuwo yoti magalasi amapha maso. Ndaimva kwa odwala ambirimbiri, ena ophunzira ndithu, ndipo imandipweteka chifukwa yaika magalasi abwinobwino m'makabati pamene eni ake akuvutika. Galasi limakhala kunja kwa diso. Ntchito yake ndi kukhotetsa kuwala kuti kugwere pamalo pake, basi. Siliyamwa mphamvu, silifooketsa mtsempha. Chimene chimapusitsa anthu n'chakuti ukavala masabata angapo n'kuzolowera zilembo zakuthwa, tsiku lovula umaona chimbuuzi chimene kale sunkachilabadira. Zili ngati kuzimitsa tochi usiku: mdima umaoneka wakuda kuposa poyamba, koma si tochi waubweretsa. China ndi ukalamba. Munthu amayamba magalasi owerengera atadutsa zaka 40, mphamvu yoonera pafupi n'kumapitiriza kuchepa chifukwa cha zaka, iye n'kumaloza magalasi. Kwa inu ngakhale zimenezo palibe ku diso lakumanja, chifukwa kagalasi kopanga sikakalamba. Ndipo ng'ala ikachotsedwa sibwerera. Kwa ena, pakapita miyezi kapena zaka, kachikopa kamene kamagwira kagalasiko kamachita chifunga, koma chimenecho amachitsegula ndi laser kwa mphindi zochepa, munthu n'kubwerera kunyumba tsiku lomwelo.

Za claim. Opaleshoni ndi magalasi zimachokera m'matumba awiri osiyana. Opaleshoni inalipidwa ndi thumba la chipatala. Magalasi amachokera m'thumba la zamaso kapena m'ndalama zanu za savings zimene medical aid imakusungirani, ndipo ngati muli pa hospital plan yokha, thumba limenelo nthawi zambiri mulibe. Ma medical aid ambiri amalipira magalasi kamodzi pa miyezi 24, ndipo ambiri amafuna kuti mupite kwa optometrist (woyeza maso ndi magalasi) wa pamndandanda wawo. Choncho aimbireni, mufunse chifukwa chenicheni chimene anakanira, akulembereni. Nthawi zina vuto limangokhala pepala. Invoice iyenera kukhala ndi nambala yanu ya umembala, nambala ya practice ya optometrist, tsiku limene munaonedwa, komanso ICD-10 code, nambala yosonyeza vuto limene munaonedwera. Pemphani kuti aikepo Z96.1, imene imasonyeza kuti m'diso muli kagalasi kopanga. Phatikizani risiti yosonyeza kuti munalipira kale, apo ayi ndalama zikhoza kupita kwa optometrist m'malo mwa inu.

Samalani masiku. Malamulo a pansi pa Medical Schemes Act ya 1998 amapereka miyezi inayi kuchokera tsiku limene munathandizidwa kuti claim ifike. Claim ikakhala ndi cholakwika, iwo ayenera kukudziwitsani pasanathe masiku 30, inu n'kukhala ndi masiku 60 okonza ndi kutumizanso. Ngati akana chifukwa munagula magalasi ena chaka chatha, pemphani dokotala amene anakuchitani opaleshoni alembe kalata yofotokoza kuti mphamvu ya diso yasintha chifukwa cha opaleshoni, magalasi akale sangagwirenso ntchito. Kalata yotere sikakamiza aliyense kulipira, koma imachititsa kuti nkhani iunikidwenso. Mukaona kuti akuphwanyirani ufulu, Council for Medical Schemes, bungwe loyang'anira ma medical aid, imalandira madandaulo kwaulere.

Onani tsono kuti ngakhale kalata ya ndalamayo ili kwa dokotala yemwe uja mukumuzemba. Apa ndikudzudzuleni pang'ono, bambo. Munathamangira kukayezetsa magalasi patangotha masabata awiri, pamene diso limafuna masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi kuti likhazikike. N'kutheka kuti magalasi ali m'kabatiwo akufunika kuwayezanso. Koma chimene chandidetsa nkhawa kwambiri ndi kabotolo ka alamu anu. Mankhwala ambiri amene timapereka pambuyo pa opaleshoni ali ndi steroid. Akadonthezedwa nthawi yaitali popanda woyeza, kwa anthu ena amakweza mphamvu ya madzi a m'diso mwakachetechete, osamva kupweteka, mpaka mtsempha woonera kuwonongeka, ndipo umenewo ukawonongeka subwerera. Komanso kabotolo kakatsegulidwa kamayenera kutayidwa pakatha pafupifupi mwezi. Kanuko kadutsa m'manja mwa anthu awiri, kakhudza zikope za munthu wina, ndiye mukukadontheza m'diso limene langochekedwa kumene. Lekani lero. Kuyabwa pambuyo pa opaleshoni nthawi zambiri kumakhala kuuma kwa diso, ndipo mankhwala ake ndi ena.

Ndikudziwa kuti kupempha tsiku kwa abwana kuno ku Joni si chinthu chapafupi, makamaka kwa ife obwera. Koma kuonedwako ndi mbali ya opaleshoni ija. Imbani mawa m'mawa, munene kuti munaphonya tsiku lanu. Palibe akakukalipireni, timaona zotere tsiku ndi tsiku, ndipo kalata ya kuntchito akakupatsani. Akakayeza mphamvu ya madzi a m'diso, akaone bala ndi kumbuyo kwa diso, akayang'anenso lakumanzere, chifukwa ng'ala ya ukalamba imakonda kugwira maso onse awiri. Ngati muli ndi shuga kapena BP, mukanene.

Pali zizindikiro zosadikira tsiku lopatsidwa: diso kupweteka kwambiri, kufiira, kuona kukuchepa mwadzidzidzi, kuthwanima ngati mphezi, timadontho takuda tambiri touluka, kapena mdima wotsika mbali imodzi ngati katani. Chimodzi mwa zimenezi chikachitika, pitani tsiku lomwelo kwa dokotala wanu, kapena ku St John Eye Hospital ku Baragwanath, ku Soweto. Popita kokaonedwa munyamule magalasi a m'kabati aja, invoice, uthenga wokana claim, ndi kabotolo ka alamu anu kuti dokotala akawerenge dzina lake.