Kodi statistics ingathandize wophunzira zowerengera ndalama?

Mwafunsa ngati kuwonjezera phunziro la statistics (luso losonkhanitsa ndi kusanthula manambala) pa digiri yanu ya zowerengera ndalama kungakuthandizeni pa ntchito. Ine ndikuona kuti kungathandize, makamaka ngati mukufuna kudzakhala wofufuza mabuku a ndalama, chifukwa munthu wotere sangaone malisiti onse a kampani. Amasankhapo ochepa motsata ndondomeko, ndipo ayenera kudziwa ngati zimene wapezazo zikuimiradi malisiti onsewo. Kubanki phinduli n'lalikulu zedi, poti kuyambira 2018 muyezo wa IFRS 9, womwe ndi umodzi mwa miyezo ya padziko lonse ya kalembedwe ka malipoti a zachuma, umafuna kuti mabanki aziyerekezeratu ngongole zimene mwina sizidzabwezedwa, ntchito yodalira kwambiri statistics. Komabe musalole kuti phunziroli likuchedwetseni kulemba mayeso a ACCA kapena a ICAM (mabungwe opereka satifiketi kwa akatswiri owerengera ndalama), chifukwa olemba ntchito ambiri amayamba ayang'ana kaye satifiketi imeneyo.