Kamuvi kakamathawa podina: batani lapadera la mausi

Mwandilembera kuti dzanja la bambo anu limanjenjemera chichitireni sitiroko, ndipo akamadina mausi, kamuvi kolozera pa sikirini kamathawa pamene analoza. Mukufunsa ngati pali batani lodinira lapadera. Lilipo ndithu.

Koma chonde lekani kuwauza kuti agwire mausi mwamphamvu, chifukwa vuto si iwowo ayi. Mausi imafuna kuti dzanja limodzi liziloza n'kudinanso nthawi yomweyo, ndiye chala chikatsika, dzanja lonse limasuntha pang'ono. Akalimbikira kugwira, kunjenjemerako kumakulirakulira. Ntchito ziwirizi zilekanitsidwe basi.

Kampani ya AbleNet ya ku America imapanga mabatani a anthu olumala monga Jelly Bean ndi Big Red. Ali ndi pulagi ya 3.5 mm, ndipo sagwira ntchito mukangowalowetsa m'kompyuta. Amafunika mausi yokhala ndi soketi yake kapena kachipangizo ka USB kolumikizira. Mitengo yake imandipweteka mtima, chifukwa m'kati mwake mungokhala swichi wamba yolumikiza mawaya awiri, pomwe anthu ofuna zinthuzi ndi omwe ndalama zawo zinathera kale kuchipatala.

Wodziwa kuwotcherera angasinthe mausi wamba. Pansi pa batani lakumanzere pali kaswichi ka miyendo itatu, nthawi zambiri ka kampani ya Omron. Pimani ndi multimeter, kachipangizo kopimira magetsi, mupeze miyendo iwiri imene imalumikizana pokhapokha mwadina, yomwe imatchedwa COM ndi NO. Wotchererani waya pa uliwonse, mupite nawo ku soketi ya mono (ya mawaya awiri) ya 3.5 mm, momwe muzilowetsa pulagi ya batani lapadera lija. Mukasokoneza miyendo, batani latsopanolo silidina bwino. Mangani mfundo pa waya m'kati mwa mausi, apo ayi tsiku lomwe wina adzaukoke udzazuka.

Musanagule chilichonse

Lumikizani mausi yachiwiri. Windows imalandira zonse ziwiri pa kamuvi kamodzi. Matani tepi yakuda ya magetsi pa kadiso kapansi pa yachiwiriyo kuti isasunthe kamuvi, ndipo muimatire pa kathabwa. Bambo azilozera ndi dzanja limodzi, azidina ndi linalo kapena ndi phazi. Ngati kukoka mafayilo kukuwavuta, yatsani ClickLock mu Mouse Properties, pomwe mumasinthira kagwiridwe ntchito ka mausi mu Windows: akakanikiza batani kwa kanthawi n'kulisiya, limakhala logwirabe mpaka atadinanso. Ngati kiyibodi ili ndi manambala kumanja, Mouse Keys ya mu Windows imachititsa kuti 5 azidina kamodzi, + azidina kawiri. Imayatsidwa ndi Alt ndi Shift zakumanzere pamodzi ndi Num Lock.