Utsi wa mu HMS Sheffield

Mayi wina amene amasamalira okalamba ku Portsmouth, mzinda wa ku England, wandilembera imelo. Mwa anthu amene amawasamalira muli bambo amene anali msilikali wa pamadzi, ndipo mu 1982 anali m'sitima yankhondo ya Britain yotchedwa HMS Sheffield. Akuti buledi akangopserera kukhitchini, bambowo amadzambatuka n'kulunjika kukhomo manja akunjenjemera. Funso lawo n'lakuti: kodi sitimayo inali yotani, nanga bwanji bambowo sakamba zowombera adani, koma za utsi wokhawokha?

Mayi, zikomo posaiona nkhaniyi ngati yaing'ono. Sheffield inali sitima ya mtundu umene amautcha destroyer. Ntchito yake inali kutsogola, kuona ndege za adani zikadali kutali, n'kutchinjiriza sitima zikuluzikulu zonyamula ndege, Hermes ndi Invincible. Wotsogola ndiye amayamba kukumana ndi zoopsa, ndipo anyamata a m'menemo ankadziwa zimenezo. Nkhondo yake inali yolimbirana zilumba za Falkland pakati pa Britain ndi Argentina, kuyambira pa 2 Epulo mpaka pa 14 Juni 1982.

Pa 4 Meyi, ndege ziwiri za Argentina za mtundu wa Super Étendard zinabwera chouluka munsimunsi, pafupi ndi madzi, n'kuponya mizinga ya Exocet. Umodzi unaboola Sheffield m'nthiti chakumanja, chapakati, pafupi ndi khitchini. Ambiri m'sitimamo sanamuone n'komwe mdaniyo. Ndiye angakambe za kuwombera kotani?

Chimene anaona ndi moto. Mzingawo unathyola paipi yaikulu ya madzi ozimitsira moto. Taganizani, nyanja ili mbali zonse koma mapaipi ali gwa, ouma. Mafuta ndi mawaya zinayaka, utsi wakuda bii unadzaza tinjira topanikiza ta m'kati, moti munthu sankaona ngakhale dzanja lake. Zovala zina zinali za poliyesita ndipo zinkasungunukira pakhungu. Ndikafika pamenepa mtima umandiwawa, chifukwa ambiri anali anyamata ang'onoang'ono, ena ntchito yawo inali yophika. Analimbana nawo motowo kwa maola angapo mpaka kaputeni Sam Salt analamula kuti onse atuluke. Sitima ya HMS Arrow inagundiza pambali n'kunyamula ambiri mwa opulumuka. Anthu 20 anamwalira. Chigoba chopsacho chinamira pa 10 Meyi akuchikoka, ndipo pa 25 Meyi sitima inzake ya mtundu womwewo, HMS Coventry, inamizidwanso ndi mabomba.

Choncho fungo la buledi wopserera silikuwakumbutsa mbiri ya m'mabuku ayi. Likuwabwezera m'kanjira kamdima kaja, mmene khomo linali moyo. N'chifukwa chake amathamangira kukhomo.

Ine ndikanakhala inu sindikanawafunsa ngati anaphapo munthu, kapena kuwauza kuti zinapita kale. Akadzambatuka, tsegulani zenera, auzeni modekha kuti ndi buledi chabe ndipo mwazimitsa, muwasiye aime pakhomopo mpaka mtima ukhale pansi. Uzaninso akuluakulu anu pantchito kuti zilembedwe, anzanu a usiku azidziwa. Tsiku lina akadzayamba okha kutchula mayina a anzawo, ikani kaye pansi zimene mwanyamula, mukhale nawo. Ndipo pa kalendala yanu chongani 4 Meyi, tsiku limenelo musawasiye okha nthawi yaitali.