Amayi Akufuna Tikiti ya Basi Chifukwa cha Ndege za ku Waterkloof

Lachitatu usiku ndalandira imelo yochokera kwa mlongo wathu wina wa ku Ivory Park, kuno ku South Africa. Dzina ndabisa monga mwa masiku onse. Walemba motere: "Achimwene, amayi anga anabwera kuchokera ku Ntcheu mwezi watha kudzandithandiza chikuta. Chiyambire Lolemba kukudutsa ndege zankhondo m'munsi kwambiri, malata amachita kunjenjemera. Dzulo ndinawapeza atakwawira kunsi kwa bedi, khanda lili m'manja, akupemphera. Akuti ndiwagulire tikiti ya basi, iwo nkhondo anaiona kale ndipo safuna kudzaionanso kwa eni. Poyamba ndinaseka, koma pano nanenso mtima wayamba kundikayikitsa. Kodi kwagwanji? Inu mwakhalitsa kuno, zoterezi zinakuchitikiranipo?"

Achemwali, tikitiyo dikirani kaye. Kulibe nkhondo. Sabata ino, kuyambira pa 18 mpaka pa 22 Seputembala 2024, ku bwalo la ndege za asilikali la Waterkloof, kufupi ndi Centurion, kuli chionetsero chachikulu chotchedwa Africa Aerospace and Defence. Chimachitika kamodzi pa zaka ziwiri: 2018, 2022, ndi chino cha 2024; cha 2020 chinalephereka ndi Covid. Masiku oyamba amakhala a anthu amalonda, ogulitsa ndege ndi zida pamodzi ndi ogula awo, pamene Loweruka ndi Lamulungu amatsegulira aliyense. Zomwe munayamba kumva Lolemba zija ndi ndege zikufika ndi oyendetsa akuyeserera. Kuchokera panu pa Ivory Park kukafika ku Waterkloof, kuwongoka ngati khwangwala, makilomita sakwana 20. Ndege yothamanga makilomita 900 pa ola imatha mtunda umenewo m'mphindi imodzi ndi kachidutswa. Ikangoti itembenuke kuti ikadutsenso pamaso pa oonerera, yafika kale pa denga panu. Lolemba likudzali kudzakhala zii, kudzangotsala za masiku onse zija zopita ku bwalo la ndege la OR Tambo.

Koma amayiwo musawaseke. Ine ndilibe pakamwa powasekera, chifukwa zomwe anachitazo ndinazichitapo ndili ndi ndevu kale.

Ndinakulira cha ku Lizulu, kumene msewu wa M1 ndiwo malire: mbali iyi Malawi, kuoloka phula ndiye kuti uli ku Mozambique, komwe agogo ankati ku Chipwitikizi. Amene sanakhaleko nthawi imeneyo amaona ngati nkhondo ya Frelimo ndi Renamo inali ya anthu ena akutali. Ife inkatipeza pakhomo. Kuyambira cha m'ma 1986 anthu a ku Angonia ankafika usiku, mitolo ili pamutu, ana ali kumsana, ndipo chilankhulo ndi chathu chomwechi, ena mpaka mfunda umodzi ndi ife. Pofika 1992, pamene mbali ziwirizi zinasainirana mtendere ku Rome, dziko lathu laling'onoli linali litasunga othawa nkhondo oposa 1 miliyoni.

Tsiku lina ndili Sitandade 3, tikuphunzira pansi pa mtengo poti zipinda zinali zosakwanira, kunangomveka ngati thambo lang'ambika pakati. Ndege sindinaione. Chimene ndinaona ndi anzathu othawa nkhondo aja, amene tinkakhala nawo m'kalasi: m'kuphethira kwa diso onse anali chafufumimba pansi, manja ataphimba kumutu, osalira, osakuwa. Ife ana a pakhomo ndi amene tinabalalika liwiro la mtondo wadooka, wina kulowera m'chimanga, wina kuchimbudzi, aphunzitsi akukuwa ndi mawu omwe palibe ankawamva. Madzulo ndikufotokoza kunyumba uku ndikuseka anzanga ogona pansiwo, malume anandidula pakamwa. Anati, "Iwe, amene anagona pansi aja ndiwo akudziwa. Wothamanga ndiye amaoneka bwino kuchokera kumwamba." Ndinasiya kuseka, nsima inandikanika.

Tsono amayi anu, ngati kwawo ndi cha ku Tsangano, Biriwiri kapena kulikonse m'mbali mwa malire muja, sanalowe kunsi kwa bedi chifukwa cha umbuli. Anachita zomwe thupi linaphunzira, ndipo taonani kuti khanda sanalisiye pamwamba.

Kuno ku Joni ndinafika mu 2007. Pa 11 Juni 2010 ndinali pa ganyu yosamalira pabwalo pa nyumba ina cha ku Ormonde, kufupi ndi Nasrec. Tsiku limenelo ndilo ankatsegulira World Cup pa bwalo la mpira la Soccer City, ndipo mzinda wonse unali mavuvuzela okhaokha kuyambira m'bandakucha. Ine ndinkasesa masamba, kuzizira kwa Juni kukuluma zala, maganizo ali pa mpira woti ndikaonere kwa mnzanga. Mwadzidzidzi, phokoso lija la ku Lizulu. Sindikumbuka kuganiza kanthu. Ndinangozipeza ndili thapsa pa kapinga, manja kumutu, tsache lili uko. Agalu a m'mudzi wonsewo anayamba kuuwa, ma alamu a magalimoto mbwee. Podzutsa mutu, ndege zinali kale tinthu ting'onoting'ono kutsogolo uko, zikulunjika ku bwalo la mpira. Mwana wa abwana, wa zaka ngati zisanu, anali pakhonde akudumphadumpha ndi chimwemwe, akuloza kumwamba, kenako n'kuloza ine. Zaka zoposa 20 zinali zitadutsa chichitikire za pansi pa mtengo paja, ndipo chodabwitsa n'chakuti ulendo uno sindinathamange, ndinagona. Mawu a malume anali atakhala m'mafupa osandiuza. Chigoli cha Siphiwe Tshabalala chogoletsa Mexico ndinachionera madzulo ake mawondo a buluku ali obiriwira ndi udzu.

Chimene chimapangitsa ndege zimenezi kudzidzimutsa chonchi n'chakuti sizichenjeza. Mawu amayenda mamita pafupifupi 340 pa sekondi. Ndege ya makilomita 900 pa ola ikuyenda mamita 250 pa sekondi yomweyo, ndiye kuti ikuthamangitsana ndi phokoso lake lomwe, n'kumangotsalira pang'ono. Lole ikamabwera pamsewu mumaimva ili kutali, mtima n'kukonzeka. Iyi mukamaimva ndiye kuti yakufikani kale kapena yadutsa, ndipo phokoso lonse limakugwerani nthawi imodzi. N'chifukwa chake mukayang'ana komwe kukuchokera mkokomo simuona kanthu. Muziyang'ana kutsogolo kwake. Amayi auzeni za mphenzi, poti imeneyo akuidziwa kuposa ife: kung'anima kumayamba, kugunda kumatsatira, ndipo masekondi atatu alionse pakati pake ndi kilomita imodzi. Ukamva kugunda ndiye kuti wapulumuka. Onjezanipo denga la malata opanda siling'i, lomwe limalira ngati ng'oma, mumvetsa chifukwa chake m'nyumba mumaopsa kuposa panja.

Yaphokoso kwambiri pa zonse ndi Gripen, yopangidwa ndi kampani ya Saab ku Sweden. South Africa inagula 26 pa mgwirizano wogula zida uja wa 1999, umene nkhani zake za katangale zinakafika mpaka kumakhoti. Ili ndi injini imodzi yokha, koma woyendetsa akafuna mphamvu yoonjezera amathira mafuta ena m'mpweya wotentha wotuluka kumchira, moto n'kuoneka lawilawi, ndipo apo ndi pomwe mawindo amalira. Kwawo kwenikweni si kuno ayi. Zimakhala ku Makhado, ku Limpopo, pamodzi ndi zinzake zophunzitsira zotchedwa Hawk. Amayi anu pobwera, basi itachoka pa Beitbridge n'kutsika ndi N1, anadutsa dera lomwelo mwina ali m'tulo. Ndipo ngati akufuna umboni woti dziko lino silikukonzekera nkhondo, nawu: kuyambira chakumapeto kwa 2021 ma Gripen onse anakhala pansi pafupifupi chaka chathunthu, osauluka ndi imodzi yomwe, chifukwa cha kuchepa kwa ndalama ndi kuchedwa kwa mgwirizano wozikonzera. Ine maganizo anga ndi akuti ndege zodula chonchi, zomwe eni ake akulephera kuzidyetsa, zili ngati munthu wogula ng'ombe alibe busa. Koma ndine mlendo, msonkho wanga ndi wa VAT basi, ndisalankhule zambiri.

Mukaona zingapo zikuuluka mothithikana ngati atsekwe, zikutulutsa utsi, mawu ake ocheperapo, amenewo ndi a Silver Falcons, gulu la asilikali loonetsa luso. Amauluka pa Pilatus PC-7, zokhala ndi chopukusa kutsogolo. Yaikulu yamimba, ya zopukusa zinayi, yolira mokhuthala ngati chigayo, ndi C-130 Hercules yonyamula katundu ndi asilikali. Imeneyo ndiyo imakhala pa Waterkloof pomwepo. Yamtundu umenewu ndiyo inanyamula thupi la Nelson Mandela pa 14 Disembala 2013 kupita nalo ku Mthatha, ma Gripen akuiperekeza m'mbali.

Nditasamukira cha ku Germiston ndinakumana ndi zina. Kumapeto kwa sabata kunkadutsa tindege takale tolira mokalipa, ngati munthu akung'amba lata ndi sowo. Amenewo ndi ma Harvard a pa Rand Airport. Asilikali a dziko lino anaphunzitsira oyendetsa pa ndege zimenezi mpaka 1995, ndipo pano zili m'manja mwa anthu wamba okonda zouluka. Kukalipa kwake kumachokera kunsonga za chopukusa, zomwe zimazungulira mpaka kupitirira liwiro la mawu. Miyezi yoyamba ndinkatukwana chamumtima. Pano ndikazimva ndimangodziwa kuti nyengo ili bwino.

Ndinene zoona, kwa ife obwera, ndege yothamanga ija si imene imandisowetsa tulo. Imadutsa n'kupita, ilibe nawe ntchito. Imene ndimatchera khutu ndi helikopita yozungulira malo amodzi. Mu Meyi 2008, pamene ziwawa zothamangitsa alendo zinayambira ku Alexandra n'kufalikira, anthu 62 anaphedwa, Pulezidenti Thabo Mbeki mpaka anatulutsa asilikali, ndipo boma la kwathu linatumiza mabasi kudzatenga anthu. Ine ndinagona masiku angapo nsapato zili kumapazi, pasipoti ili m'sokosi, ndikumvetsera gugugu wa helikopita pamwamba. Sindinkaopa helikopitayo, koma chimene inali kuyang'ana pansi. Mu Julayi 2021, nthawi ya kuthyola masitolo ija imene inapha anthu oposa 300, zinalinso chimodzimodzi. Ndiye lamulo langa ndi ili: yodutsa mowongoka, tulukani mukaonere, yozungulira kwa nthawi yaitali pamwamba pa dera lanu, khalani m'nyumba, imbirani anzanu mumve chomwe chachitika.

Ma helikopita omwewo ali ndi mbali ina imene tiyenera kuikumbukira. Madzi atasefukira mu Malichi 2019, nthawi ya namondwe wa Idai, asilikali a South Africa anapita kwathu ndi ku Mozambique kukathandiza anthu otsekerezedwa ndi madzi. Ndipo Rooivalk, helikopita yankhondo yowonda ija yopangidwa konkuno ndi kampani ya Denel, inamenya nkhondo yake yoyamba mu 2013 ku Congo, polimbana ndi zigawenga za M23, m'gulu limene munali asilikali a South Africa, Tanzania ndi anyamata athu a Malawi. Amene anali pansi tsiku limenelo phokoso lake analimva mwanjira ina.

Palinso china chimene mwina chili mumtima mwa amayi koma sanachitchule. Ndi miyezi itatu yokha chigwere ndege ya asilikali athu, Dornier 228, m'nkhalango ya Chikangawa pa 10 Juni 2024, imene inatenga Wachiwiri kwa Pulezidenti Saulos Chilima ndi anthu ena 8. Maliro ake anakaikidwa ku Nsipe, ku Ntcheu kwanu komweko. Munthu wochokera kumeneko chaka chino sangamve ndege ya asilikali n'kuganiza za chionetsero. Ine pa 19 Juni, ndege zikudutsa kupita ku Union Buildings, ku Pretoria, pa mwambo wolumbiritsa Pulezidenti Cyril Ramaphosa, ndinazimitsa wailesi, sindinatuluke n'komwe.

Zochita zake si zambiri. Khalani nawo pansi lero, muwauze tsiku lomwe zithe, kuti aziwerenga masiku m'malo mowerenga ndege. Loweruka ndi Lamulungu ndiye kudzachuluka phokoso, achenjezeni ndithu m'mawa. Khanda likhale m'nyumba, mawindo otseka, ndipo ikamadutsa litsekeni makutu ndi zikhatho mofatsa. Makutu a mwana wa masabata ochepa si oseweretsa, ndiye ku chionetseroko musapite nalo ngakhale wina akupatseni tikiti yaulere. Koma amayiwo, akalola, atulutseni panja muime nawo, muwagwire dzanja, aione ndi maso. Ine mantha anga anayamba kuchepa tsiku limene ndinaiona ikubwera ndisanaimve. Mukadzapeza mpata chikuta chikatha, kwerani nawo thekisi mupite ku Saxonwold, pafupi ndi Johannesburg Zoo, kuli nyumba yosungirako zinthu zakale zankhondo. Kumeneko ndege zili phee pansi, munthu umaizungulira n'kuona kuti ndi malata ndi misomali, ndiponso kampando ka woyendetsa n'kopanikiza kuposa ka m'minibasi.

Akakakamirabe zopita, musalimbane nawo, koma apempheni adikire Lachiwiri. Muwapatse moni wanga, muwauze kuti wachokera kwa mwana wa ku Lizulu, ndipo muwafunse ngati pamsika paja mbatata ya kachewere akugulitsabe pa ndowa.